Tinasesa manda awiri

Agogo anga, amayi awo a mayi anga, anamwalira mu Juni 2016 ine ndili chaka chachiwiri ku Chanco. Foni inandipeza ndikutuluka mu laibulale. Ndinakwera minibasi ya ku Limbe, ndipo pofika ku Ndirande ndinapeza masamba aikidwa kale pamsewu wolowera kwathu. Mawa lake tinakawaika kumanda a kumtunda kwa dera lathu. Kumudzi ku Thyolo sitinawapititse. Ndalama ya galimoto panalibe, komanso eni akewo ankanena kawirikawiri kuti munthu amene wagulitsa tomato mumsika wa Ndirande zaka zonsezo, kwawo ndi konkuno basi. Pamandapo tinazikapo kachikwangwani ka lata kolembedwa ndi penti, n'kulonjezana kuti chiliza timanga chaka chamawa.

Chaka chamawacho mpaka lero sichinafike. Ine ndinamaliza digiri mu 2019, kenako kunabwera Covid-19, kenako zinthu zinangokhala mmene mukuzidziwira inunso. Makalata ofunsira ntchito ndinasiya kuwerenga. Ma intavyu ndalowapo anayi. Panopa ndimaphunzitsa ngati waganyu pa kasukulu kena ka pulaiveti, malipiro ake oti ukagula ufa, makala ndi bandulo, mwezi usanafike pakati wayamba kale kuwerenga masiku.

Lamulungu lina mu Ogasiti 2024 kunabwera amalume. Anakhala pa mpando wa pakhonde, anamwa tiyi, kenako anandiitana. "Mphwanga, digiri yakoyo ilibe vuto. Vuto lili kumanda. Mayi agona patchire ngati munthu wopanda ana. Ndawalota kawiri akudandaula kuti akumva kuzizira. Ndiye iwe ukuganiza kuti angakutsegulire njira?" Amadziwa kuti ndinali ndi kandalama kamene ndinkasunga. Chimene samafuna kumva n'chakuti kandalamako kanali ka fizi ya mchemwali wanga wamng'ono, yemwe amalowa Fomu 4. Ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti si chinthu choti ungagule ndi zotsala. Kunali kusankha: chiliza kapena sukulu.

Usiku umenewo sindinagone bwino. Funso limene linkandizungulira ndi limene ndikufuna tikambirane pano. Kodi anthu athu amene anatisiya amatithandiza? Ndipo ngati amatithandiza, amafuna chiyani kwa ife?

Yankho langa loyamba linali la munthu wa ku yunivesite, lachangu komanso lonyada pang'ono. Ndili ndi anzanga amene agogo awo agona ku HHI, pa manda a matailosi owala kuposa bafa la kwathu, koma nawonso akungoyenda ndi ma envulopu mu tauni muno ngati ine. Ngati chiliza chikanakhala kiyi, iwowo bwenzi ali m'maofesi. Komanso pali china chimene chimandipweteka pa maganizo a amalume: amachotsa mlandu kwa amoyo n'kuupereka kwa akufa. Ntchito zikusowa chifukwa chuma sichikukula molingana ndi kuchuluka kwa ife omaliza sukulu, chifukwa malo ochepa amene alipo ena amapatsirana pachibale, ena amagulitsa. Amene akuchita zimenezi ali moyo, ali ndi mayina, amadya nsima. Tikanena kuti ndi agogo akwiya, anthu amenewa agona tulo tabwino.

Chachiwiri, agogo amene amalume ankawafotokozawo sindinawazindikire. Agogo anga anali munthu woti ndalama amamanga pa ngodya ya chitenje, mfundo ziwiri, koma ukangoti "agogo, kope latha" mfundozo zimamasuka zokha. Ndili Fomu 2 anagulitsa wailesi yawo kuti ndilipire mayeso a JCE. Ndikupita ku Zomba koyamba anandinyamulitsa chiponde m'botolo la kofi ndi kathumba ka usipa. Ndiye munthu ameneyo atangomwalira asanduke wotsekereza mdzukulu wake chifukwa cha matumba a simenti? Imfa ingasinthe munthu mpaka pamenepo?

Nditamuuza mnzanga wina wa ku felosipu, anandipatsa yankho la mbali inayo. Akuti zimenezo ndi ziwanda, akufa alibenso gawo ndi amoyo, ndipo ndikufunika pemphero lodula maunyolo a kumtundu. Ananditchulira Deuteronomo 18 ndi nkhani ya Sauli ku Endori mu 1 Samueli 28. Ndinamumvetsera, koma ndinaona kuti iye ndi amalume akugwirizana pa chinthu chachikulu kuposa chimene akusiyana. Onse awiri akuti ulova wanga ukuchokera kumanda. Wina akuti ndikapepese, wina akuti ndikadule. Onse akundigulitsa mantha, ndipo kwa onsewo agogo anga asanduka vuto lofunika kulithetsa.

Ndikanatha kulekera pomwepa n'kudzitcha wozindikira. Koma amayi anati tipite kaye tikaone, tikalambule, zina tikambirana tikabwerako. Amayi ndi a Mvano, sajomba kutchalitchi, ndipo sindinawamvepo akutchula zotsira nsembe. Tinapita kwa amfumu kukapempha chilolezo monga mwa mwambo, chifukwa kumanda sumangolowa ngati mumsika, ndipo anatipatsa bambo wina wachikulire, mmodzi wa adzukulu, kuti atiperekeze.

Chinthu choyamba chimene ndinaona ndi mitengo. Phiri la Ndirande analimeta mpala m'zaka za m'ma 1990, koma pamanda pali mthunzi, chifukwa palibe amene amalimba mtima kulowamo ndi nkhwangwa. Tili ana ankatiuza kuti ukaloza kumanda chala chiwola. Ndinkaseka nditakula. Tsiku limenelo ndinaona kuti mantha omwewo asunga mitengo imene malamulo a boma analephera kusunga.

Chachiwiri chinali chochititsa manyazi. Manda a agogo sitinawapeze. Kachikwangwani kaja kanalibepo. Bambo aja anati zambiri zinadyeka ndi dzimbiri, zina anazula ogulitsa zitsulo zakale. Mitumbira inali itaphwa ndi mvula, ina yatsopano italowerera pakati. Amayi analoza ndi chibwano: "Ndi apa, pafupi ndi mtengowu." Amalume anakana: "Iyayi achemwali, ndi apo, ine ndinanyamula nawo bokosi." Ana awiri a mayi mmodzi, atayima pakati pa mitumbira iwiri, aliyense akulumbira. Ine ndinangoti chete, chifukwa tsiku la maliro ndinkangolira, sindinayang'ane mtengo uliwonse.

Bambo aja anatisiya tikangane pang'ono, kenako anati, "Lambulani onse awiri. Winayonso ali ndi abale ake amene sanabwere."

Tinatero. Tinalima udzu, tinasesa, tinaunjikira dothi pa mitumbira yonse iwiri. Titamaliza amayi anagwada pakati pake n'kuyamba kuyankhula ndi mawu awo a masiku onse, ngati munthu wabwera kudzaona wodwala. "Amayi, tabwera. Takhalitsa, mutikhululukire. Uyu ndi mdzukulu wanu uja, sukulu anamaliza. Ntchito yeniyeni sanaipeze koma akuyesetsa. Wamng'ono uja akulowa Fomu 4. Nyumba ija denga tinasintha." Ndinkadikira kuti apemphe kanthu, koma sanapemphe. Anangopereka malipoti basi, kenako anapemphera kwa Mulungu, tinanyamuka.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza kuti mwina funso langa ndinalifunsa molakwika. Ndinkafunsa ngati mmene munthu amafunsira za mankhwala, kuti kodi zimagwira ntchito? Amayi sanapite kumanda kukagula mwayi. Anapita chifukwa ubale wawo ndi mayi awo sunathe mu 2016. John Mbiti, wa ku Kenya, m'buku lake la 1969 lotchedwa African Religions and Philosophy, anafotokoza kuti kwa anthu ambiri a mu Africa womwalira amakhalabe m'gulu la banja, wakufa koma wamoyo, malinga ngati alipo wina amene anamudziwa ndipo akumutchula dzina. Ndinaliwerenga ku koleji pofuna kukhoza mayeso. Ndinalimvetsa nditaona amayi akuuza mtumbira za denga.

Ndipo si za kumudzi zokha ayi. Akatolika pa 2 Novembala amakumbukira ndi kupempherera akufa awo. Anzathu achisilamu amachita sadaka. Ku Nsanje kuli kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Boma lenilenilo linamangira Kamuzu chiliza chachikulu ku Lilongwe, ndipo andale amapitako ndi nkhata zamaluwa. Atsamunda atapha John Chilembwe pa 3 Febuluwale 1915 anamuika mobisa, pamalo opanda chizindikiro. Anthu amene ankati zamizimu n'zachikunja ankadziwa bwino lomwe kuti manda ali ndi mphamvu yosonkhanitsa anthu. Koma taonani, Chilembwe wopanda chiliza yemweyo ali pa K2,000 imene ili m'thumba mwanu, ndipo pa 15 Januwale dziko lonse limapuma chifukwa cha iye.

Ndimaganizanso za anzathu a ku Chilobwe. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ndi anthu omwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anapita, kuphatikizapo mazanamazana amene matupi awo sanapezeke. Mabanja amenewo alibe ngakhale mitumbira iwiri yoti akanganirane. Ngati amalume akulondola kuti mdalitso umadutsa pa chiliza, ndiye kuti ana a mabanja amenewa atsekeredwa mpaka kale popanda chimene analakwa. Zimenezo ine sindingazivomere. Koma sindingavomerenso kuti kulira kwawo kofuna malo oti azipitako n'kupanda nzeru. Munthu amafuna pena pake poti ayime n'kunena kuti wanga ali apa.

Tsono agogo amandithandiza kapena ayi? Ndikuuzeni mmene ndinapezera kaganyu kanga. Mayi wina wa mumsika anandiyang'anitsitsa tsiku lina n'kundifunsa ngati ndine mdzukulu wa mayi aja a tomato. Nditavomera anandiuza kuti pa njala ya 2002 agogo ankamugawira ufa pa mbale, osalemba ngongole. Mwana wa mayi ameneyu ndi amene amayendetsa kasukulu kaja. Sabata yotsatira ndinali ndi choko m'manja. Agogo anali atagona zaka zingapo, koma mbale ya ufa imene anapereka ine ndili mwana wosavala nsapato inali ikugwirabe ntchito.

Ndikudziwa chimene wina anganene, ndipo akulondola: kumeneko n'kudziwana komwe ndimadandaula nako kuja, kungoti ulendo uno kwakomera ine. Ndikuvomera. Ndipo mphamvu imeneyi ili ndi mbali yake yoipa. Alipo anzathu amene agogo awo ankanenedwa ufiti, kapena bambo awo anasiya mbiri yakuba, ndipo mpaka lero anthu amawayang'ana ndi diso limenelo. Akufa amatisiyira zabwino ndi ngongole zomwe, ndipo palibe amene anasankha zoti alandire. Chimene ndikunena n'chakuti sukufunika kukhulupirira maloto a amalume kuti uone kuti akufa akugwirabe ntchito pakati pathu. Za ngati agogo amamva pamene amayi ankayankhula, ndilibe umboni woti ndikupatseni, ndipo amene akuti sanamve nayenso alibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti pochoka ndinapezeka nanenso ndanena chamumtima kuti "agogo, tapita," ndipo sindinadzimve wopusa.

Chichewa chili ndi kanthu kena kamene ndinali ndisanakaganizirepo. Mwana wa mwana wako ndi mdzukulu. Wokumba manda ndi kuika maliro ndi mdzukulunso. Kaya akale anachita dala kaya zinangochitika, koma ine ndikumva ngati akutiuza kuti ntchito yosamala akufa ili pa ife a m'badwo wachitatu. Ndipo apa ndi pamene ndimadzipeza wolakwa. Amalume analakwitsa ponena chifukwa chake, koma sanalakwitse ponena kuti tinawataya agogo. Zaka eyiti osapondako. Ndili ndi zithunzi masauzande mufoni, za zakudya, za ma meme, koma cha manda a munthu amene anagulitsa wailesi chifukwa cha ine ndinalibe ngakhale chimodzi.

Ndalama ija ndinalipira fizi. Amayi ndi amene anamaliza nkhaniyo. Anauza amalume kuti, "Achimwene, mukanawafunsa mayi eni akewo kuti simenti kapena sukulu ya mwana, mukudziwa chimene akanayankha." Amalume sanakhutire. Anati zikapitirira kundivuta ndisadzawadandaulire, ndipo mpaka pano tikakumana moni wake amakhala wamfupi. Ntchito yeniyeni sindinaipezebe, choncho m'maso mwawo umboni uli kumbali yawo. Chiliza tidzamanga, ndalonjeza, ngakhale funso loti tidzamanga pa mtumbira uti silinayankhidwe.

Pakadali pano ndayamba kachinthu kena kotchipa. Madzulo magetsi akazima ndimakhala ndi amayi pakhonde n'kuwafunsa za agogo, foni ikujambula mawu. Ndadziwa kuti anabwera ku Blantyre akuthawa banja lankhanza, mwana kumsana. Ndadziwa dzina la amayi awo, limene sindinalimvepo chibadwire. Mchemwali wanga, yemwe anali wamng'ono pa nthawi ya maliro, amabwera kudzamvera nawo, ndipo tsiku lina anafunsa kuti agogo ankaseka bwanji. Amayi anayesera kuwatsanzira, tonse tinaseka mpaka misozi.

Mvula ikatha tikupitanso ndi makasu. Tagwirizana kuti tizilambula yonse iwiri.