Kuona maso a nkhono n'kudekha

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anaweramirapo nkhono mvula itangokata akudziwa kuti mwambiwu si wongopeka. Maso ake ali kunsonga kwa tinyanga tiwiri titalititali, ndipo ukangoikhudza imatibweza m'kati. Umayenera kudikira phee mpaka itatitulutsanso.

Makolo ena a mwana wa autism, kapena wochedwa kulankhula, amasankha kumuphunzitsira pakhomo. Ine sindiwadzudzula. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi ambiri ndi odzaza, ndipo phokoso lake limamusokoneza mwana wotere mpaka kutseka makutu ndi manja. Aphunzitsi a ana oterewa, amene amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, sanafike m'sukulu zonse.

Ndiye mayi amatuluka ndi mwanayo m'mawa, kutsata kanjira ka kudambo. Mwana amaima pa mzere wa nyerere zonyamula chiwala chakufa, osasuntha. Apa mpamene ambirife timalephera: mtima uli kale kudambo, iye akadali pa nyerere. Mukamukoka dzanja, kulira kwayamba, phunziro latha. Mukanjuta naye pomwepo, mwina aloza n'kunena kuti "zambiri", mawu amene pamphasa anakana kuwatchula. Masamu angayambire pa masuku ogwa pansi, kuwatola limodzilimodzi akuwerenga.

Njira ikhale yomweyo tsiku ndi tsiku, chifukwa ana ambiri a autism amakhazikika mtima akadziwa chimene chikubwera. Koma m'madzi odikha a kudambo asamalowemo: nkhono zam'menemo ndi zomwe zimafalitsa likodzo.