Mphika Uli M'galasi, Ambuya Ali Pakhonde

Ku Mbala, kumpoto kwa dziko lathu, kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale yochedwa Moto Moto. Inatsegulidwa m'caka ca 1974, ndipo amene anayamba kusonkhanitsa zinthu za m'menemo ndi wansembe wa ku Canada, Bambo Jean-Jacques Corbeil. Mukalowamo mudzaona makasu osulidwa pamanja, nkhwangwa, ng'oma ndi miphika ya dothi.

Mlendo akafika pa mphika wotere amaima mwaulemu, manja kumbuyo, nawerenga kapepala kofotokoza nchito yake. Ngakhale kuukhudza saloledwa.

Tsono anzanga acinyamata, tiyeni tidzifunse. Kwathu tili ndi ambuya amene anaumbapo miphika yonga womwewo. Adziwa dambo lokumbako dothi, adziwa kuuphika nkhuni zingati kuti usang'ambike pamoto. Koma akayamba kusimba zakale, ife timayang'ana pa foni, mwinanso kuwaseka kuti ndi otsalira. Kodi ndi cilungamo kulemekeza mphika ndi kunyoza dzanja limene linauumba?

Ena adzati zakale zinapita, lero tiphikira m'mapoto. Zoonadi, palibe afuna kubwerera ku masiku opanda cipatala kapena sukulu. Komatu mphika sulankhula. Sungatiuze za caka ca njala, kapena m'mene mudzi unali kulerera ana amasiye. Zimenezo zili m'mutu mwa ambuya, ndipo tsiku la maliro ao zidzapita nao kumanda.

Mukapeza mpata, pitani mukaone ku Mbala. Koma madzulo ano, yalani mphasa pafupi ndi ambuya, muwafunse funso limodzi. Mau a akulu akoma akagonera.