AMEN: Mau Afupi a Mkristu

Inu amene mulikukonzekera Ubatizo, pali mau afupi amene mwakhala mulikuchula kuyambira tsiku lija munaphunzira Cizindikiro ca Mtanda. Mauwo ndi Amen. Ambiri ayesa kuti Amen ndi kunena kuti pemphero latha, tikhale pansi. Iai, mauwa asenza katundu wolemera.

Amen ndi mau a Cihebri, cinenero ca Aisraele. Muzu wace unena za cinthu colimba, cosagwedezeka, cimene munthu angacitsamire osagwa, monga mzati wa nyumba. Pa muzu womwewo panaphukanso mau a Cihebri onena cikhulupiriro ndi coonadi. Tsono wonena Amen ati: «Izi nzoona, nzolimba, ndaimapo ine.»

M'Cipangano Cakale, Amen anali yankho la mpingo wonse. Pa Deuteronomo 27, Mose analamula kuti Alevi alengeze matemberero 12 pa ophwanya malamulo, ndipo anthu abvomereze liri lonse ndi Amen. Pa Nehemiya 8, pamene Ezara anatsegula buku la Cilamulo nalemekeza Mulungu, anthu anakweza manja nayankha Amen kawiri.

Olemba Cipangano Catsopano analemba m'Cigriki, koma mauwa anawasunga monga anali. Jerónimo Woyera, pomasulira Malembo m'Cilatini ca m'ma 400, anawasunganso. Justino Woyera, polemba ku Roma ca m'ma 150, anasimba kuti wotsogolera akatsiriza pemphero la Ukaristia, anthu onse ankabvomera Amen. Motero mauwa anaoloka nyanja, nalowa m'Cipwitikizi, m'Cisena, m'Cinyungwe ndi m'Cinyanja cathu. Anansi athu Asilamu nawonso amati Amin m'mapemphero ao a Ciarabu, ndipo Ciarabu ndi Cihebri nzapacibale.

Ayuda ankanena Amen pobvomereza mau a mnzao. Koma Ambuye Yezu ankawaika patsogolo pa mau ao omwe, cifukwa mau ao safuna mboni ina. M'mabuku athu pamenepa anamasulira kuti ndithu kapena indetu. Mu Mthenga Wabwino wa Yohane, Amen wobwereza kawiri apezeka malo 25. Ndipo pa Cibvumbulutso 3, 14, Amen ndi dzina la Yezu mwini: Iye ndiye mzati umene suwola, umene ciswe sicidya.

Tsono mvetsani, abale. Mutabatizidwa, mudzafika ku guwa, wansembe adzakuonetsani Thupi la Kristu, inu mudzayankha Amen. Agostinho Woyera anaphunzitsa kuti kuyankha Amen kuli ngati kulemba dzina lako pansi pa kalata. Mudziwa kuti munthu akadinda cala cace pa kalata ya pangano, mlandu uli pa iye. Sangadzanene mawa kuti sanadziwe. Amen ndico cala canu pamaso pa Mulungu.

Munthu wonena Amen pa Misa m'mawa, usiku napita kukaombeza ula, wadinda cala pa bodza. Wonena Amen pa pemphero la Atate Athu, nakana kukhululukira mbale wace pa mlandu wa malire a munda, wadzitsutsa ndi pakamwa pace pomwe. Koma mai amene waika mwana wace m'manda, nanena Amen misozi iri m'maso, ameneyo watsamira mzati weniweni, ndipo sadzagwa.

Cifukwa cace musanene Amen mothamanga, kapena mong'ung'udza ngati munthu wa tulo. Yambani mwamva cimene cikupemphedwa, mucibvomere mumtima, pamenepo muyankhe momveka pamodzi ndi Eklezia yonse.

Mafunso

1. Mau a Amen anacokera ku cinenero citi, ndipo muzu wace unena ciani?
2. Cifukwa ninji Yezu achedwa Amen?
3. Kodi pali cinthu m'moyo wanga cimene citsutsa Amen wanga?

Tipemphere

Ambuye Yezu, Inu wokhulupirika nthawi zonse, limbitsani mitima yathu, kuti cimene tibvomera ndi pakamwa ticicite ndi manja athu. Amen.