Za Nandolo, Sikelo ndi Chilungamo

Pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi pali mpata umene makolo athu anauopa, pakuti m'menemo munkadutsa amalonda otenga anthu ukapolo kunka nawo ku nyanja, ku Quelimane. Ndipo m'chaka cha 1893 Angerezi anamangapo linga la Fort Lister kuti atseke njirayo. Malonda oipawo anatha, ndipo tiyamika Mulungu. Koma malonda a kutali sanathe ayi. Lero chotuluka m'chigwa cha Phalombe kunka ku nyanja ndicho nandolo wa m'minda yathu. Ndipo tifuna tifunsane funso limodzi: kodi mtengo ukhala wolungama pa chifukwa chokhachi, chakuti wogula ndi wogulitsa avomerezana?

Tiyambe taona ulendo wa nandoloyo. Timbzala pakati pa chimanga, ndi kumkolola kuyambira Julayi kufikira Seputembala. Mavenda amgula pa Migowi, pa Chiringa ndi m'misika ina. Malole amtengera ku Limbe. Kuchokera kumeneko atsikira ku madoko a Nacala ndi Beira, nakwera zombo kufikira ku India, kumene anthu osawerengeka amphika ndiwo tsiku ndi tsiku. Nandolo wa Amwenye acha cha m'Disembala ndi m'Januwale, potero wathu afika pamene nkhokwe zao zapepuka. Ichi ndicho chimpatsa mtengo.

M'zaka za 2014 ndi 2015 mvula inaperewera ku India, ndipo mtengo unakwera kuno kwathu. Tikumbukira ife tonse malata atsopano ndi njinga za masiku aja, ndi umo anthu anakuzira minda yao. Koma mvula itabwerera, Amwenye anakolola zochuluka, mtengo unagwera alimi ao, ndipo m'Ogasiti 2017 boma lao linalamula kuti nandolo wolowa m'dzikomo asapitirire matani 200,000 pa chaka. Lamulolo linatipeza tili pakati pa kukolola. Mtengo sunafikenso ngakhale theka la uja wa kale. Anansi athu a ku Mozambique anali nalo pangano lao ndi India, lolembedwa mu Julayi 2016 pamene Narendra Modi anacheza ku Maputo. Ife tinalibe, kufikira 2021, pamene India anavomera kugula kwa Malawi matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu.

Taonani tsono kusiyana kwa maiko. Dziko lalikulu litseka khomo ndi cholembera chimodzi, ndipo mai wa ku Chiringa, amene sanafunsidwe kanthu, asowa ndalama ya sopo. Dziko laling'ono lilibe khomo lakuti nalonso litseke. Tigulitsa mbewu zosakonza kwa wogula mmodzi, ndipo tigula feteleza ndi mafuta pa mtengo wa madola. Ndipo pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, zogula zathu zinakwera m'masiku owerengeka, osadikira kuti tikolole. Komatu tisadane naye mlimi wa ku India. Iyenso ndiye mphawi wa munda waung'ono, wolira ndi ngongole, ndipo boma lake linamva kulira kwake. Chosiyana ndi ichi, kuti kulira kwake kunali ndi pofikira.

Koma tisaloze kutsidya kwa nyanja kokha, pakuti kusiyana komweku kuli m'mudzi mwathu. Pa sikelo pakomana anthu awiri. Wina ali ndi ndalama m'thumba, nyumba yosungiramo matumba, ndi foni yomuuza mtengo wa ku Limbe. Akhoza kudikira miyezi itatu. Wina ndiye mai wamasiye amene mwana wake afunika fizi sukulu zikamatsegulidwa m'Seputembala, ndipo ufa watha m'nyumba. Sakhoza kudikira ngakhale masiku atatu. Mtengo ukakwera, phindu lalikulu liima kwa wosungayo. Ukagwa, tsoka litsika makwerero onse kufikira kwa wolimayo, pakuti pansi pake palibenso wina womsenzetsa. Inde, avomerezana, koma wina avomera ndi ufulu, wina avomera ndi njala. Munthu womira m'madzi a Chilwa adzalonjeza ng'ombe kwa mwini bwato, koma ndani adzati pangano lotere ndi lolungama?

Kapena wina adzati, Kodi wamalonda sataya nayenso? Ataya ndithu, m'chaka chija cha 2017 alipo amene anagula modula natsala ndi matumba ofumbwa. Ndipo popanda iye nandolo wathu sakadaona nyanja. Sitinena kuti malonda ndi tchimo, kapena kuti phindu ndi kuba. Wosenza katundu ndi wosenza chiopsezo ayenera mphotho yake. Chimene tinena ndi ichi: mphotho ya ntchito ndi ina, ndipo mphotho yodyera pa kusowa kwa mnzako ndi inanso. Chilamulo cha Mose chinaletsa miyeso iwiri, waukulu wogulira ndi waung'ono wogulitsira. Ndipo mneneri Amosi anadzudzula amalonda a m'Israyeli chifukwa cha miyeso yonyenga ndi kupondereza aumphawi. Tsono yankho lathu ndi ili: kuvomerezana pakokha sikulungamitsa mtengo. Iye amene akhoza kudikira ali ndi mangawa kwa iye wosakhoza kudikira, kaya ndi dziko kaya ndi munthu.

Nanga ife a mumpingo tidzatani? Malamulo a ku New Delhi sitingawasinthe, koma sikelo ya pakhomo pathu ili m'manja mwathu. Alipo pakati pathu oimba m'kwaya Lamulungu, amene Lolemba akhotetsa sikelo. Alipo okongoza ndowa ya chimanga m'Febuluwale kuti akatenge thumba la nandolo m'Ogasiti. Awa aleke, ndipo akulu a mpingo asachite manyazi kuwachenjeza chifukwa cha kukula kwa chopereka chao. Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, alimi asonkhane m'magulu, asunge pamodzi, agulitse pamodzi, kuti nawonso akhale nayo mphamvu ya kudikira; ndipo thumba la mpingo lithangate wamasiye pa fizi, kuti asataye mbewu yake pa tsiku loipa. Tisaike munda wonse pa mbewu ya wogula mmodzi, koma tisiye malo a chinangwa, mbatata ndi mapira. Ndipo tikumbutse aphungu athu kuti pangano la malonda lifunika kulembedwa mbewu isanache, ndi kuti mitengo imene boma lilengeza chaka ndi chaka ifike pa sikelo, isathere pa wailesi.

Inu amene chaka chino muli ndi nkhokwe yodzala, kumbukirani mwambi wa akulu, kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pamaso pa maiko aakulu tonsefe tili ngati mai wamasiye uja. Potero chifundo chimene tichipempha kwa iwo, tiyambe ife kuchichitira iye.