Ndani Amayamba Kutambasula Dzanja?

Aliyense amene anamangapo kompyuta ndi manja ake amaudziwa msampha uwu. Bokosi wagula lakale ku Malangalanga, motherboard wasinthanitsa ndi mnzako wa ku Area 25, RAM wazula m'makina ena akufa, ndipo waikamo Linux Mint poti ndi yaulere komanso siilemetsa makina okalamba. Zonse zayaka bwinobwino. Kwatsala kachipangizo kamodzi, adaputa ya Wi-Fi, kuti kompyuta igwire intaneti ya pa MiFi popanda chingwe. Waibaya pa USB, koma kuli zii. Kompyuta ikufuna driver, kapulogalamu koithandiza kumvana ndi adaputayo. Driver ali pa intaneti, ndipo pa intanetipo sungafike popanda driver yemweyo.

Ine ndimakonza makompyuta kuno ku Mtsiliza, m'kachipinda kamalata chakufupi ndi Bingu National Stadium, ndipo Lamulungu ndimaphunzitsa kalasi ku mpingo wathu wa CCAP. Msampha umenewu wandiganizitsa kwambiri za funso lakalekale: kodi munthu angathe kudzifikitsa yekha kwa Mulungu, kapena thandizo liyenera kuyamba lamupeza pomwe ali?

Kusankha adaputa kuli ndi mbali zosavuta. Umayang'ana ngati motherboard ili ndi kampata ka PCIe kapena ungodalira USB. Umafunsa ngati MiFi yako imaulutsa pa 2.4 GHz pokha kapena ndi pa 5 GHz pomwe. M'nyumba zathu zothithikanazi ndimalangiza 2.4 GHz, chifukwa ngakhale ili yochedwerapo imaboola makoma a njerwa bwino kuposa inzakeyo. Chovuta chili m'kati mwa pulasitikimo. Kawirikawiri dzina lolembedwa pakatoni si la amene anapanga chipu. Chipucho chimachokera kwa Realtek, Atheros, MediaTek, Intel kapena Broadcom. Adaputa yotchuka ya TP-Link TL-WN722N inayamba kutuluka ndi chipu cha Atheros AR9271, chimene Linux amachilandira mosavuta. Mitundu yake yachiwiri ndi yachitatu inabwera ndi chipu cha Realtek, dzina lili lomwelo, maonekedwe ali omwewo. Kusiyana kwake kuli pa kachomata ka pansi, pomwe palembedwa v1, v2 kapena v3 m'timalemba toti munthu wa msinkhu wanga amachita kutengera padzuwa kuti awerenge.

Choncho mnyamata akabwera ali wokwiya, nati, "Bambo, andigulitsa chakufa," nthawi zambiri adaputayo ndi yamoyo ndithu. Ndikaibaya pa laputopu ya Windows, kanyale kake kobiriwira kamayamba kuphethira. Kompyuta yake nayonso ilibe vuto. Chimene chasowa ndi wapakati. Driver ali ngati nkhoswe: mwamuna ndi mkazi angakhale onse anthu abwino, koma popanda wodziwa mbali zonse ziwiri, mawu a kuchimuna safika kuchikazi.

Njira yotulukira mumsamphamo ndi imodzi: thandizo lilowere khomo lina. Ndimatenga foni yanga, kuilumikiza ndi chingwe, kuyatsa USB tethering, ndipo kompyuta ya mnyamatayo imakoka driver ndi bandulo ya Airtel kapena TNM imene iye sanagule. Driver wakeyo analembedwa ndi anthu akutali amene sadzamva n'komwe za Mtsiliza, ena mwa iwo osalandira kanthu. Mnyamata uja anamanga zonse yekha, ndipo kunyadira kwake n'koyenera, koma sitepe yoyamba yofikira kunja sinali m'manja mwake.

Tibwerere ku funso lakalekale lija. Cha m'ma 400, ku Rome kunali mphunzitsi wochokera ku Britain, dzina lake Pelagius. Iye ankanyansidwa ndi Akhristu aulesi, ndipo ankaphunzitsa kuti Mulungu sangalamule chimene munthu sangathe. Ngati watiuza kukhala olungama, ndiye kuti mphamvu yake tili nayo kale. Augustine, bishopu wa ku Hippo, komwe lero ndi Annaba m'dziko la Algeria, anatsutsa. Iye anati ngakhale chilakolako chofuna Mulungu ndi mphatso, chifukwa mtima wodwala sungadzichize ndi mtima womwewo. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage m'chaka cha 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius. Chiphunzitso cha Augustine n'chimene chinadzera kwa John Calvin, n'kufika kwathu kuno ndi amishoni a Dutch Reformed amene anakhazikika ku Mvera mu 1889.

Pelagius ndimamumvetsa. Kuno munthu amene sadzuka m'mamawa kukasaka ganyu amagona ndi njala, ndipo ndaona anthu akubisala kumbuyo kwa mawu oti "Mulungu adziwa" pomwe khasu lili pakhomo. Nayonso adaputa siidzisankha yokha. Pamafunika munthu wowerenga kachomata, wofunsa, wokana kunyengedwa ndi katoni yonyezimira. Koma pa funso la amene amayamba, ndili kumbali ya Augustine. Sindinaonepo munthu amene anadzitulutsa yekha m'mowa, m'chisoni cha maliro kapena m'kutaya mtima, popanda wina amene anayamba wagogoda pakhomo pake. Sindikunena kuti kachipangizo ka pulasitiki kangatsimikize za Mulungu. Chimene kandionetsa n'chakuti pali mavuto ena amene kiyi wake amatsekeredwa m'kati, ndipo khama lokha silitsekula.

Pali pamene ine ndi Augustine timasiyana. Iye ataona kuti ena amalandira chisomo pomwe ena salandira, anafika ponena kuti Mulungu anasankhiratu ena n'kuwasiya ena. Katekisma wa mpingo wathu ndimamulemekeza, koma pamenepa mtima wanga sukhazikika. Pa ntchito yangayi, adaputa ikasowa driver, chifukwa chake chimakhala ndi dzina: pali wina amene akudziwa mmene chipucho chimagwirira ntchito koma sanauze anzake. Kwa zaka zambiri zipu za Wi-Fi za Broadcom zinkasautsa ogwiritsa ntchito Linux, mpaka anthu odzipereka anachita kuzifufuza okha n'kulemba driver wotchedwa b43. Mu 2010 kampaniyo inatulutsa driver wake poyera, ndipo makhadi ena amene anthu ankawayesa opanda ntchito anayamba kugwira.

N'chifukwa chake sindifulumira kunena kuti wakutiwakuti Mulungu anamusiya. Mayi amene analeka kupemphera chifukwa pa maliro a mwana wake ife a mpingo tinachedwa n'kufunsana za chiphaso chake cha umembala, sanatsekeredwe ndi kumwamba, tinamutsekera ndife. Sabata yatha pa msonkhano wa akulu ampingo ndinapempha kuti tipite kwawo ku Mtandire tisanayambe kukamba zomulanga chifukwa chojomba. Ena anavomera, ena anati iye ndiye ayambe kubwera. Nkhaniyi tidzaipitiriza pa msonkhano wa mwezi wamawa.