Mukupempha Mfuti, Inu Amene Munapha ndi Miyala

Tamverani, inu a ku Katete ndi ku Sinda, ndi inu okhala m'mapiri a ku Vubwi. Pali mawu amene azolowera pakamwa panu masiku ano, ndipo ndikawamva mtima umandiwawa. Foni ikangobweretsa nkhani yoti kwinakwake munthu wawombera khamu la anthu, mumaunjikana pagolosale, poimikira njinga zamoto, ngakhale panja pa tchalitchi mapemphero atangotha, mitu pamodzi, kuonerera mitembo ya ana a eni. Palibe amene amayamba wakhala chete kulemekeza omwalira. Woyamba kutsegula pakamwa amati, “Pakanakhala mwamuna mmodzi yekha wa mfuti, chigawengacho chikanagwa pomwepo.” Wachiwiri amati, “Boma lingotilola basi, aliyense akhale ndi yake.” Nonse n'kuvomera, eya, eya. Ine ndikukana, ndipo ndikukana mokweza, chifukwa manja amene mukufuna kuikamo mfutiwo ndikuwadziwa. Ndi manja anga ndi anu, ndipo ali ndi mlandu umene sitinaukambebe pabwalo.

Kumapeto kwa Sepitembala 2024, m'mudzi wa Ngobozana ku Lusikisiki, m'dziko la South Africa, banja lina linasonkhana kukonzekera mwambo wotsiriza maliro a abale awo. Usiku kunabwera anthu a mfuti. Anafa anthu 18, ndipo 15 mwa iwo anali azimayi. Apanso munati pakanakhala mfuti. Kodi South Africa ndi dziko losowa mfuti? Funsani ana anu amene ali ku Joni akuuzeni. Kumeneko alonda a makampani ndi ochuluka kuposa apolisi, eni masitolo amasunga mfuti pansi pa kauntala, komabe maliro sakutha. Mu 2016 khoti linagamula mkulu wina wa apolisi, Christiaan Prinsloo, kuti akakhale m'ndende zaka 18 chifukwa chogulitsa mfuti zoposa 2,000 zimene apolisi ankasunga kuti aziphwanye, ndipo zambiri zinakathera m'manja mwa magulu a zigawenga a ku Cape Town. Mfuti imene lero ili ndi chiphaso cha boma, mawa yabedwa, yagulitsidwa, kapena yabwerekedwa kwa mlamu. Ikafika m'dzanja lachitatu sifunsa kuti anaigula poyamba anali munthu wamtima wotani.

Mundifunsa kuti, kodi sizinachitikepo kuti munthu wamba wa mfuti n'kupulumutsa anzake? Zinachitikapo, ndipo sindibisa. Mu Julayi 2022 ku Greenwood, m'chigawo cha Indiana ku America, mnyamata wa zaka 22 anawombera n'kupha chigawenga chimene chinali chitangopha anthu atatu pamalo a masitolo. Anapulumutsa miyoyo, ayamikidwe. Koma inu mwasenza nkhani imodziyi n'kutaya zinzake m'njira. Mu 2021 ku Arvada, m'chigawo cha Colorado, Johnny Hurley anachita zomwezo, anapha munthu amene anali atangopha wapolisi. Wapolisi wina atatulukira anaona mwamuna atagwira mfuti, n'kumuwombera. Hurley anafa. Pamphumi pake panalibe polembedwa kuti uyu ndi wabwino. Ku Buffalo mu Meyi 2022, mlonda wa pasitolo, yemwe anali wapolisi wopuma pantchito, anawombera ndipo sanaphonye, koma chigawengacho chinali chitavala chovala chosalowa zipolopolo. Mlondayo anafa pamodzi ndi anthu ena 9. Patangotha masiku 10, pa 24 Meyi, ku Uvalde m'chigawo cha Texas, ana a sukulu 19 ndi aphunzitsi awiri anaphedwa. Pasukulupo panafika apolisi 376. Anadikira mphindi 77 asanalowe m'kalasimo, ana ali mkati akuimba foni kupempha thandizo. Amenewo ndi anthu ophunzitsidwa, olipidwa, onyamula zida zimene iwe sunazionepo. Nanga iwe mnyamata wa pa Sinda, amene sunamvepo chipolopolo chikudutsa pafupi ndi khutu, ukudziguguda pachifuwa chifukwa chiyani? Pamsika anthu akuthamangira uku ndi uku, fumbi lili koboo, amayi akugwa ndi ana kumsana, udzamuzindikira bwanji amene wayamba? Ndipo mnzako wa mfuti amene ali tsidya linalo adzadziwa bwanji kuti woyambayo si iwe?

Sitifunikanso kuwoloka nyanja. Pa 23 Disembala 2020 ku Lusaka, tsiku limene a Hakainde Hichilema anaitanidwa kulikulu la apolisi kukafunsidwa, anthu awiri anawomberedwa n'kufa. Wina anali Joseph Kaunda, wotsatira chipani cha a Hichilema cha UPND. Winayo anali Nsama Nsama, loya wa boma, amene sanali nawo n'komwe m'gulu la anthu amene anasonkhana pamenepo. Iye anangotuluka muofesi kukagula chakudya. Bungwe la Human Rights Commission linapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Ngati chipolopolo cha munthu wovala yunifomu chinapeza munthu wogula chakudya, cha iwe chidzapeza yani?

Tsopano ndifike pa mlandu wathu. Mwaiwala 2020? Mphekesera za anthu opopera gasi m'nyumba zinayambira ku Chingola, ndipo pofika Febuluwale zinali zitakuta dziko lonse, ngakhale kum'mawa kuno. Tinagona panja, tinakoleza moto m'misewu, tinatchinga njira ndi mitengo, tinaimika aliyense amene sitinamudziwe nkhope. Munthu akapezeka ndi chikwama, kapena botolo, kapena akangochita chibwibwi poyankha kumene akuchokera, wina ankakuwa kuti “Ndi uyu!” ndipo zinkathera pomwepo. Mu Malichi chaka chimenecho pulezidenti wa nthawiyo, a Edgar Lungu, anauza nyumba ya malamulo kuti anthu 50 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Ena mwa iwo anali apaulendo osokera, ena odwala misala, ena okalamba. Palibe chigawenga cha mfuti chimene chinawapha. Tinawapha ife, ndi miyala, ndi zibonga, ndi matayala ndi petulo. Ndipo chimene chimandiopsa ndi ichi: aliyense amene anatola mwala masiku amenewo ankadziona ngati mpulumutsi. Ankati akuteteza ana ake. Anali munthu wabwino uja amene mukumulakalaka, woima pafupi, wosadikira apolisi, wolimba mtima. Mulungu anatichitira chifundo kuti m'manjamo munali miyala. Mwala umafuna kuti uyandikire, umapatsa mpata nyakwawa kuti afike, umapatsa mpata mayi wina kuti akuwe kuti “Musiyeni, ndi mwana wa kwa auje!” Mukanakhala mfuti, tikanawerenga mitembo ingati?

Kodi tinalapa? Kodi pali mudzi umene unaitanitsa bwalo n'kunena kuti tinakhetsa mwazi wosalakwa? Tinangobwerera kumunda, n'kumaimba kwaya Lamulungu. Lero anthu omwewo akuti atipatse mfuti.

Tiyeni tinene zoona za amene mfutiyo idzamuloze. Chigawenga chowombera khamu mwina sichidzafika pamudzi panu mpaka mudzaikidwe m'manda. Koma mkangano wa malire a munda umabwera dzinja lililonse. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, dzuwa lisanalowe amalume ake apita kale kwa sing'anga, ndipo abwerako ndi dzina la agogo ena amasiye okhala kumapeto kwa mudzi. Mwamuna wagulitsa soya kwa mavenda, wamwa kachasu masiku atatu, wabwera usiku n'kupeza mkazi wake akulankhula pafoni. Mnyamata waluza ndalama za fetereza pa kubetcha, ndipo sakuona pothawira manyazi. Onsewa lero amagwira chikwanje, mpini, kapena botolo la mankhwala a thonje, ndipo ena amapulumuka chifukwa anansi amamva kukuwa n'kuthamangirako, achipatala n'kusoka bala. Muike mfuti kuseri kwa chitseko cha nyumba zimenezi, anansi adzangofikira kutseka maso a mtembo. Azimayi inu, anamkungwi inu, mukudziwa zimene ndikunena, chifukwa ndinu amene mumabisa ana a eni akathawa usiku. Bwanji mumakhala chete amuna akamalankhula za mfuti pakhonde?

Ndikudziwa pamene mantha a akuluakulu amachokera, ndipo sindikuwapeputsa. Kuyambira cha m'ma 1987, Amatsanga a RENAMO ankawoloka malire kuchokera ku Mozambique n'kugwera midzi ya m'maboma a Katete, Chadiza ndi Petauke, nthawi imeneyo Vubwi ndi Sinda asanakhale maboma paokha. Anapha anthu, anaba ng'ombe, anathyola masitolo, anagwira anthu kuti awasenzere katundu wobedwayo. Mabanja anagona m'tchire, ena anasiya minda ya makolo n'kusamukira kufupi ndi msewu waukulu. Mu 1988 asilikali a Zambia anawathamangitsa mpaka kulowa m'Mozambique. Amene anaona zimenezo akamati “tinalibe chodzitetezera,” ndimavula chipewa. Koma agogo, tiuzeni zonse. Chimene chinakubwezerani tulo m'nyumba ndi chiyani? Ndi pangano la mtendere limene a Joaquim Chissano a boma la Mozambique ndi a Afonso Dhlakama a RENAMO anasainira ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ndipo nkhondo itatha, mfuti zake sizinafe nayo. Zinakwiriridwa m'minda, zinasinthanitsidwa ndi chimanga ndi zovala m'malire muno, ndipo zina n'kukagwera m'manja mwa achifwamba ndi opha nyama mozembera. Anthu a ku Mozambique, amene anaidziwa mfuti kuposa ife, atapuma sanapemphe zina. Mu 1995 bungwe la mipingo yachikhristu kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kulandira mfuti kwa anthu n'kumawapatsa makasu, njinga, malata ndi makina osokera. Mfutizo ankazidula zidutswa. Iwo amene analira zaka 16 anatulutsa mfuti m'nyumba, ife amene tinalawa pang'ono chabe tikufuna kuzilowetsa.

Mukufuna kulowerera? Chabwino. Makolo anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Kulowerera kwenikweni kumachitika mfuti isanalire, ndipo kumeneko n'kumene tonse timathawa. Palibe munthu amene amapha mnzake m'mudzi popanda wina wodziwa kale. Mukumudziwa amene amasula mfuti za gogodela kuseri kwa dimba. Mukudziwa nkhokwe imene pansi pake pali chinthu chokutidwa m'saka. Mukumudziwa amene amatsogolera akuba ng'ombe njira za kumalire usiku, ndipo nyama yotchipa ija imene munagula m'mawa mwake simunafunse kuti yachokera khola la yani. Munamumva mwana wa mlongo wanu akulumbira pamaliro kuti agogo aja sadya chimanga cha chaka chino, ndipo munati ndi mowa chabe. Mukuti mungaime pamaso pa chigawenga, pamene mukulephera kuima pamaso pa mphwanu n'kumuuza kuti walakwa? Mumati, “Ndikanena andida.” Mumati, “Si nkhani yanga.” Ndiye mwazi ukakhetsedwa mumatulutsa foni n'kuyamba kujambula.

Inde, kujambula. Ngozi ikachitika pa msewu wa Great East, kapena munthu akabayidwa pamsika, amuna amphamvu amazungulira wovulalayo mafoni ali m'mwamba. Munthu wowomberedwa kapena wobayidwa nthawi zambiri amafa ndi kutaya magazi, ndipo chitenje chopindidwa bwino, chokanikizidwa mwamphamvu pabala osachotsa dzanja, chimatha kumusunga mpaka akafike ku St Francis, ku Nyanje kapena ku Mwami. Ndani wa inu anaphunzitsa ana ake zimenezi? Achipatala akamapempha magazi, angati mwa ofuna mfuti aja amatambasula mkono? Ambiri amathawa, ati magazi awo akagulitsidwa kwa a satana. Wokana kupereka botolo limodzi la magazi ake kuti mnzake akhale moyo asandiuze kuti ndi wokonzeka kukhetsa a wina chifukwa chokonda anthu.

Nanunso a boma musabisale kumbuyo kwa mawu angawa. Anthu sapempha mfuti chifukwa cha misala. Amapempha chifukwa khola likathyoledwa pakati pa usiku, polisi ili kutali, msewu ndi woipa, ndipo thandizo limafika dzuwa litakwera, ng'ombe zitawoloka kale. Munapatsa Sinda ndi Vubwi dzina la boma mu 2012. Dzina lokha silithamangitsa mbala. Ikani apolisi kufupi ndi midzi ya m'malire, apatseni galimoto ndi mafuta, ndipo wapolisi amene amabwereketsa mfuti kapena kumasula mbala chifukwa cha kangachepe mumuchotse poyera. Wogwidwa Lolemba akamaoneka pamowa Lachitatu, mukuphunzitsa anthu kudziweruzira okha, ndipo mwazi umene adzakhetse udzafunsidwanso kwa inu.

Mafumu athu, inu amene mumapita ku Mkaika mwezi wa Ogasiti kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi ndi kufotokoza za anthu anu, pofotokoza za mvula ndi zokolola muzinenanso kuti m'dera lanu muli mfuti zingati zosalembedwa, ndi okalamba angati amene athamangitsidwa powanamizira ufiti. Abusa ndi ansembe, lekani kupempherera mafuta otetezera ku zipolopolo. Itanani mnyamata wolumbira uja, khalani naye pansi, ndipo akakana pitani nokha kwa anyakwawa. Ndipo inu bambo amene mukuwerenga izi mukudziwa chimene chili pansi pa nkhokwe yanu: ana anu anachiona kale, ndipo wamkuluyo akudziwa pokoka. Chifukuleni mawa m'mawa, muitane anyakwawa akuperekezeni, mukachisiye kupolisi.