Kodi Wosiya Mowa Auze Ndani za Mumtima Mwake?

Munthu akasiya mowa kapena chamba, a pabanja amapuma n'kumati nkhondo yatha. Ndalama ya ufa yayamba kufika pakhomo, phokoso la usiku latha. Koma kwa mwini wake, masabata otsatirawo ndiwo owawa. Tulo timasowa. Mwana akangogwetsa mbale, mtima umapsa ngati wapalamula mlandu waukulu. Dzuwa likapendeka, nthawi imene ankakhala pa kachasu ndi anzake, pamabwera kusungulumwa kosaneneka, ndipo pambuyo pake manyazi: ngongole, mawu amene analankhula kwa mkazi wake, zaka zimene ana anakula osamuona bwino.

Zina mwa izi n'za thupi. Mowa umafooketsa ntchito ya ubongo, ndipo ubongo wa munthu womwa tsiku ndi tsiku umazolowera kulimbana nawo. Mowawo ukachoka mwadzidzidzi, zimakhala ngati munthu amene amakankha chitseko ndi mphamvu zake zonse, wina n'kuchitsegula mosamuchenjeza. M'masiku awiri kapena atatu oyamba, amene ankamwa kwambiri akhoza kunjenjemera, kugwa ngati wakhunyu, kapena kuona zinthu zimene palibe, ndipo ena amafa nazo. Wotereyu asasiye ali yekha m'nyumba, apite kuchipatala. Kitáb-i-Aqdas, buku la malamulo limene Bahá'u'lláh anavumbulutsa ku 'Akká cha m'ma 1873, limaletsa zoledzeretsa, ndipo buku lomwelo limatilamula kupita kwa madokotala odziwa ntchito yawo tikadwala.

Funso lathu likuyambira apa. Mnzathuyu amabwera ku gulu lophunzira. Timawerenga za mtima woyera, za nkhope yowala ndi chimwemwe, iye ali pampando mtima ukuwira. Amayang'ana abwenzi n'kuganiza kuti wachinyengo m'chipindamo ndi iye yekha. Wamvanso kuti m'Chikhulupiriro chathu n'koletsedwa kuulula machimo kwa munthu mnzako. Choncho amakhala chete, namwetulira. Kodi kukhala chete kumeneku ndiko kumvera lamulo?

Ine ndikuona kuti ayi. Chimene Bahá'u'lláh analetsa ndi kugwada pamaso pa munthu kuti akukhululukire machimo, pakuti kutero kumachititsa munthu manyazi, ndipo chikhululuko chotere chili m'manja mwa Mulungu yekha. Lamulolo linabwera kudzateteza ulemu wa munthu. Tsono zingakhale zachilendo kulisandutsa chingwe chomangira pakamwa munthu amene akumira. Amene akuuza mnzake kuti, “Lero chilakolako chandigwira, tiyeni mundiperekeze ndisadutse pamsika ndekha,” sakupempha chikhululuko. Akupempha dzanja. Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse inafunsidwapo za gulu la Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, kumene anthu olimbana ndi mowa amafotokozerana zimene akukumana nazo. Yankho linali lakuti Abahá'í akhoza kulowa nawo, ndipo kufotokozerana kumeneko kukufanana ndi zimene wodwala amauza dokotala wake.

Palinso china chozama. Kodi mkwiyo ndi chilakolako zimene zikubwera mumtimamo ndi tchimo loti n'kuulula? Munthu sasankha chimene chimutulukire mumtima pamene wadzuka usiku thukuta lili kamukamu. Amasankha chimene achite nacho. M'Buku Loyamba la Ruhi timaphunzira kuti mzimu si thupi, ndi kuti matenda a thupi kapena a maganizo amangotchinga kuwala kwake osauwononga. Ngati zili choncho, chilakolako cha madzulo ano sichikunena kuti munthuyu ndi wotani pamaso pa Mulungu. Chimakwera, chimafika pachimake, kenaka chimatsika, ngakhale munthu osachimvera. Ambiri amene adutsamo amadziwa kuti chimakonda kubwera munthu akakhala ndi njala, atakwiya, atatopa kapena ali yekha. Nthawi zina chofunika ndi mbale ya nsima ndi munthu wocheza naye mpaka mphepoyo idutse.

Wina anganene kuti tikufewetsa zinthu, kuti manyazi pang'ono ndi mankhwala. Mfundoyi ili ndi choonadi chake. Mawu Obisika amatiuza kuti tizidziwerengera mlandu tsiku lililonse, ndipo amene anamwera ndalama ya sukulu ya mwana ayenera kuyang'ana chimenecho maso ndi maso, kupepesa, ndi kubweza pamene angathe. Koma kudziwerengera kumafunsa kuti, “Ndachita chiyani lero, ndipo mawa ndikonza chiyani?” Manyazi safunsa kanthu. Amangoweruza kuti ndiwe wotayika, ndipo munthu wodziona wotayika amadziwa malo amodzi okha kumene ululu umaleka kwa maola angapo. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Komabe mantha a mnzathuyu si opanda pake, ndipo apa nkhani ikutembenukira kwa ife. Amaopa kuti zimene anene Loweruka zidzamveka pachitsime Lolemba. Tikudziwa mmene Zolembedwa zimadzudzulira miseche, koma miseche ya anthu opemphera imavala zovala zabwino: “Timupempherere uje, ndamva kuti wayambiranso.” Mawu amenewa akangomufika, sadzatsegulanso pakamwa, mwina sadzabweranso ku Phwando la Masiku 19.

Sikuti afotokoze zonse pamaso pa gulu lonse. Gulu lophunzira si chipatala, ndipo wotsogolera phunziro si dokotala. Kuno ku Malawi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu olimbana ndi zoledzeretsa, ndipo chipatala cha boma chapafupi chingalozere munthu kopita. Ngati chisoni chafika poti munthu akuganiza zodzipha, apite naye tsiku lomwelo. Chimene gulu lingapereke ndi munthu mmodzi kapena awiri osunga chinsinsi, amene foni yawo ingalire pakati pa usiku iwo n'kuyankha, ndiponso amene, akamva kuti mnzawo waterereka dzulo, adzapita kukamutenga kuti abwere ku phunziro la sabata ino monga mwa masiku onse.